Kamdothi Akadaumbidwira ku Mangochi: Mmene Mungasandutsire Nthano Yakale Kukhala Buku la Achinyamata

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3, ndipo mukangomuyambira kuti "padangokhala" amakuyang'anani ngati mwamupatsa phala la khanda. "Amalume, zimenezo n'za ku pulayimale." Koma tsiku lina magetsi atazima ndidamupeza pakhonde, udzudzu ukumudya miyendo, maso ali tong'o pa foni mpaka batire lidatha. Ankawerenga Cinder, buku la Marissa Meyer lomwe lidatuluka mu 2012. Nditamufunsa adandifotokozera mosapumira. Akuti muli mtsikana wokonza makina pamsika wa mzinda wa New Beijing, dzanja ndi phazi lake n'zachitsulo, mayi womupeza amamudyera ndalama zonse, kenako mwana wa mfumu akubwera ndi loboti yoti amukonzere. Kumapeto kuli phwando kunyumba yachifumu, ndipo mtsikanayo pothawa phazi lachitsulo lija likuguluka pa masitepe.

"Ndiye kuti ukuwerenga Cinderella," ndidatero.

"Ayi amalume, izi ndi zina."

Tonse awiri tinkanena zoona, ndipo luso lonse la mabuku amtunduwu lagona pamenepo. Kunja alipo ambirimbiri: amatenga nthano yomwe aliyense akuidziwa n'kuiika m'dziko la matsenga kapena la sayansi ya m'tsogolo. Ifenso nthano tili nazo nkhokwe yodzaza. Apa ndikuyalirani mmene ine ndimachitira, ndipo chitsanzo changa chikhala Kamdothi.

Yambani ndi nthano yomwe idakusiyirani chibaluwa mumtima

Musasankhe nthano chifukwa choti ndi yotchuka. Sankhani ija yomwe mutaimva muli mwana simudagone nayo bwino. Ine ndi ya Kamdothi: mayi wosowa mwana aumba mwana wadothi, mwanayo akhala wamoyo, koma lamulo lake ndi limodzi, athawe mvula. Tsiku lina apita kutali kokasewera, mitambo ichita bii, mayi aimba nyimbo yomuitana, koma mtunda watalika. Mpaka lero ndimakwiya nayo nthano imeneyi, ndipo mkwiyowo ndi umene umandidzutsa mbandakucha kuti ndilembe. Buku limatenga miyezi. Nthano yongokusangalatsani chabe mudzaitaya pa mutu wachinayi.

Kuno ku Mangochi tili ndi mwayi wina, chifukwa m'makomo ambiri nthano zimayenda m'zilankhulo ziwiri. Ya Kalikalanje, mwana yemwe mayi ake adamulonjeza kwa fisi asanabadwe n'komwe, ndi ya Chiyao, ndipo Duff Macdonald adailemba kale m'buku lake la mu 1882. Mnyamata wodziwa kuti amene akumutchera misampha ndi mayi ake omubala! Ngati simukuonapo buku la achinyamata pamenepo, ndiye kaya.

Kaimvereni pakamwa pa anthu, osachepera atatu

Musadalire zomwe mukukumbukira, kapena zomwe zidalembedwa m'buku la kusukulu. Pitani kwa agogo, kwa azakhali a ku Namwera, kwa mkulu wosoka ukonde pansi pa mlambe ku Makawa. Pemphani bwino, nenani chomwe mukufunira, ndipo ngati alola jambulani mawu pa foni. Kapaketi ka shuga musaiwale, mkulu sapitirwa chimanjamanja. Mukamamvetsera musawadule mawu, inu yanu ndi "tili tonse" basi.

Mudzaona kuti sanena mofanana. Wina adzati Kamdothi anali mtsikana, wina mnyamata. Wina adzati mayi anali ndi mwamuna, wina adzati anali yekha. Zomwe zikusinthasintha ndi mnofu, mutha kuchita nazo zomwe mukufuna. Zomwe onse atatu anena mofanana ndiye mafupa.

Izi si zachilendo. Nsapato yagalasi ya Cinderella idatchuka ndi Charles Perrault wa ku France mu 1697. Abale awiri a Grimm a ku Germany, m'buku lawo la mu 1812, alibe mayi wamatsenga wa kandodo, koma mtengo wa pamanda a mayi ake ndi mbalame. Ku China, zaka zoposa 1,000 zapitazo, kudalembedwa nthano ya Ye Xian, momwe bwenzi la mtsikana wozunzidwayo ndi nsomba. Mayi womupeza aipha nsombayo n'kuidya, ndipo minga yake ndi yomwe imupatsa mtsikanayo zovala za kuchikondwerero. Munthu wa kunyanja akamva zimenezi asachite kufunsa kuti angaikhazike pati.

Sendani mpaka patsale mafupa

Tengani pepala limodzi. Lembani nthano yonse m'ziganizo zosapitirira zisanu, popanda dzina la munthu, la malo kapena la nyama. Ya Kamdothi imatsala chonchi: munthu wosowa adzipangira chomwe akusowa, chopangidwacho chili ndi chiletso chimodzi, wochipanga amachiteteza pochimanga, icho chifuna kukhala ngati anzake, chiletso chiswedwa ndipo mtengo wake ulipidwa.

Pepala limeneli limateni pakhoma. Pena paliponse mutha kusintha, koma mukachotsa limodzi la mafupawa mwayamba nthano ina.

Funsani funso lomwe nthano idalumpha

Apa ndiye pamene ndikhalitsepo, chifukwa ambiri timagwera pano. Ine buku langa loyamba ndidangotenga Kalulu ndi Fisi n'kuwakweza chombo cha mumlengalenga. Kalulu adanyenga Fisi monga mwa nthawi zonse, kungoti m'malo mwa munda wa mtedza padali mwezi. Nditawawerengera ana a kalabu yathu yowerenga, mmodzi adayasamula mpaka nsagwada kulira. Ndidangowasintha zovala, anthu ake ali omwewo.

Nthano ya pamoto imathamanga, ilibe nthawi yofunsa kuti "chifukwa chiyani". Buku lili nayo nthawiyo. Gail Carson Levine adadabwa kuti n'chifukwa chiyani Cinderella amangomvera chilichonse, ndipo m'buku lake la mu 1997, Ella Enchanted, adayankha kuti mtsikanayo adapatsidwa "mphatso" ya kumvera ali khanda, moti sangakane lamulo ngakhale litamupweteka. Funso limodzi lidabala buku lonse.

Langa lidabwera nditakhala pambali pa mayi woumba mbiya. Anali atandanditsa miphika yaiwisi pamthunzi, akuyang'anayang'ana kumwamba. Ndidafunsa kuti akuopa chiyani. "Iyi sinawotchedwe, bambo. Ikangonyowa ndi matope basi." Kuseri kwake kudali mtsuko wootcha wodzaza madzi, uli phee. Ndidachita ngati wina wandimenya khofi. Nanga mayi ake a Kamdothi adalekeranji kumuwotcha? Dothi likapsa pa moto waukulu, cha m'ma digiri 600 kupita m'tsogolo, silibwereranso kukhala matope. Mvula ikadangomutsuka fumbi.

Koma mphika wootcha suumbikanso. Sukula, susintha, ukagwa umasweka. Ndiye funso la buku langa lidakhala ili: kodi mtsikana wa zaka 16 angasankhe chiyani, kukhala wosapsa n'kumathawa mvula moyo wake wonse, kapena kulowa pamoto n'kukhala wotetezeka koma wosasinthanso mpaka kalekale? Aliyense amene adakhalapo ndi zaka 16, makolo akumuuza kuti "usapite uko", alidziwa funso limeneli.

Lembani mafunso makumi awiri okhudza nthano yanu. Khumi oyamba adzakhala opepera. Pitirizani.

Sankhani: matsenga kapena sayansi, kenaka ikani malire

Mukasankha matsenga, Kamdothi akhala wamoyo chifukwa mayi ake adatapa dothi pamalo oletsedwa, kapena adapangana ndi chinachake cha pansi pa nyanja. Mukasankha sayansi, mayi ake akhale wokonza mafoni ndi ma sola pafupi ndi msika wa pa boma, zaka zana zikubwerazi, yemwe adaumba thupi ndi dothi la m'mbali mwa Shire n'kuikamo ubongo wa zipangizo zotola. Ine ndidatenga njira yachiwiriyi, chifukwa imanola funso lija: moto woumitsa dothi ungasungunule mtovu wolumikizira mawaya n'kuwononga zonse zomwe mwanayo akukumbukira. Akapsa apulumuka ku mvula, koma mwina sadzawadziwanso mayi ake.

Njira iliyonse yomwe mwatenga, lembani malamulo atatu kapena anayi a dziko lanulo ndipo musawaphwanye. Chodabwitsa chilichonse chikhale ndi mtengo. Ngati dontho limodzi limamusiyira chipsera pa mutu wachiwiri, asadzawoloke Shire chosambira pa mutu wachikhumi popanda kulipira kanthu. Achinyamata amakhululuka galamala yokhota, koma chinyengo cha mlembi amachigwira msanga.

Chenjezo limodzi. Kwathu kuno mawu oti ufiti si oseweretsa, agogo enieni amathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha mawu amenewa. Ngati woipa wa m'buku lanu ndi nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi, ganizaninso. N'zakale, komanso zimathira mafuta pamoto.

Ikhazikeni pamalo omwe mapazi anu adapondapo

Olemba athu ongoyamba amakonda nyumba zachifumu za miyala ndi chipale chomwe sadachionepo. Chisiyeni chipale kwa eni ake. Mwana woopa madzi, kuli malo ankhanza kwa iye oposa Mangochi? Kumpoto nyanja ya Malawi, kummwera Malombe, pakati Shire akudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi. Anzake onse amasambira, amatsuka mbale kunyanja, amakwera bwato ngati kukwera kabaza. Iye amangoima patali ndi gombe, mchenga ukumuotcha mapazi. Usiku amaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati tauni yoyandama, tauni yomwe sadzapondako.

Yendani ndi kope. Lembani fungo la usipa pathandala, mkokomo wa mwera m'mwezi wa June, mawu a alovi (antchito a asodzi) akamakoka ukonde wa chilimira, mmene siginala (wokopa nsomba ndi kuwala) amakhalira ndi nyali zake pa bwato, kuitana kwa mzikiti mbandakucha, kuwawasa kwa malambe. Mbiri ya pamalo ikuthandizeninso. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903, ya nthawi yomwe tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Cha ku Cape Maclear kuli Mwala wa Mphini, wokhala ndi mizere ngati wina adachita kuutema. Mlembi wa za matsenga akauona mwala umenewu n'kudutsa osalembapo kanthu, aphonya chakudya chili pamphuno.

Za m'tsogolo musazitenge mumlengalenga, zikuleni kuchokera pa zomwe zilipo. Mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe. Tiyerekeze kuti idapitirira kukwera kwa zaka zana. Msika uli pa mabwato, wotchi ija yangotsala mutu pamwamba pa madzi, olemera adathawira kumapiri a ku Namwera. Chambo, chomwe kale chidayamba kuchepa, tsopano chimasungidwa ngati golide. Dziko lanu lakwana, ndipo Kamdothi wanu ali pamavuto owirikiza.

Shadreck Chikoti adaonetsa kale ndi buku lake la Azotus the Kingdom kuti Mmalawi atha kulemba za Africa wa zaka mazana akubwera. Steve Chimombo naye adatenga Napolo n'kumusandutsa msana wa ndakatulo zake. Njira idalambulidwa.

Mpatseni zaka, zofuna ndi pakamwa pake

Mtengambali wamkulu akhale wa zaka zapakati pa 14 ndi 18, ndipo nkhani ioneke ndi maso ake. Akhale ndi chomwe akufuna iye mwini, osati chongomugwera. Wanga amafuna kuwoloka kupita ku Makanjira, komwe adamva kuti kuli wina woumbidwa ngati iye. Mpatseni mnzake womuputa, wina womukopa mtima, ndi chilema cha khalidwe. Wanga ndi wabodza, adaphunzira kunama pobisa chomwe ali.

Mayi asakhale chilombo. Akhale munthu amene adaika kale ana awiri m'manda ndipo sangapirirenso kachitatu. Akamatseka chitseko ndi loko, wowerenga amukwiyire uku akumumvetsa.

Pa zolankhula, tcherani khutu pa depoti ndi pa chigayo. Mwana sauza mayi ake kuti "iwe". Anyamata a pagombe salankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Taonani kusiyana kwake. Poyamba ndidalemba kuti: "Amayi, ndikumva chisoni chachikulu chifukwa simundilola kupita kunyanja." Palibe mwana amatero. Nditakonza zidakhala chonchi:

"Amayi, anzanga onse apita."

"Anzako ndi anzako."

"Kungokaona kokha. Sindiyandikira."

Mayi sadayankhe. Adangosuzumira pa zenera, kuyang'ana kumene kumachokera mitambo.

Ngati m'nyumbamo amasakaniza Chichewa ndi Chiyao, sakanizani, koma mawu a Chiyao akakuonereni munthu amene adayamwira chilankhulocho.

Nyimbo musaitaye

Nthano zathu zimasiyana ndi zambiri za kunja chifukwa zili ndi nyimbo pakati, yomwe omvera amavomera. Imeneyi ndi nsapato yathu yagalasi, chizindikiro chomwe wowerenga akuchidikira. Ibwere katatu kokha, ndipo ulendo uliwonse itanthauze china. M'buku langa, koyamba ndi kaphokoso kochenjeza komwe mayi adamuikira m'khutu, kolira chinyezi chikachuluka, ndipo iye amanyansidwa nako. Kachiwiri akuzimitsa dala. Kachitatu palibe makina, ndi mawu enieni a mayi ake akuimba pagombe, mphepo ikuwabweza.

Gamulani mathero musanayambe, kenaka yalani mitu

Wowerenga akudziwa kuti mvula ibwera. Umenewu ndi mwayi wanu, chifukwa kamtambo kalikonse komwe mungatchule kamugunditsa mtima. Muli ndi njira zitatu: mathero akale momwe alili, mathero otembenuzidwa, kapena akale omwewo koma tanthauzo litasintha. Ine ndimakonda yachitatu. Asungunuke ndithu, koma akhale kuti walowa mumvula mwa kufuna kwake, pofuna kupulumutsa wina. Chomwe ndimakana ndi mathero oti "adadzidzimuka, anali maloto". Ameneyo ndi mlembi wothawa ngongole.

Mukatero gawani nkhani m'mitu 20 kapena 25, mutu uliwonse chiganizo chimodzi pa kapepala kakekake. Yalani timapepalato pamkeka. Mafupa asanu aja muwamwaze kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo pampondachimera pakhale chakumapeto ndithu, osati pakati. Kapepala komwe mukakachotsa palibe chosintha, kaponyeni pamoto.

Lembani, osayang'ana m'mbuyo

Mawu 500 pa tsiku, masiku 100, ndi mawu 50,000. Limenelo ndi buku. Musakonze mutu woyamba musanafike kumapeto, ena akhala zaka zitatu akupukuta tsamba loyamba. Kulemba pa foni kulibe vuto, koma madzulo alionse dzitumizireni pa imelo kapena pa WhatsApp ya m'bale wanu. Ine mitu isanu ndi umodzi idapita ndi foni yomwe idagwera m'madzi a m'bwato tikuchokera ku Malindi. Buku la mwana woopa madzi, lomira m'madzi. Achemwali adaseka mpaka misozi.

Chichewa kapena Chingerezi? Zili ndi inu, koma dziwani kuti m'Chingerezi mukupikisana ndi mabuku zikwizikwi, pomwe wachinyamata wofuna nkhani ya maloboti m'Chichewa akusowa pogwira. Mawu a zipangizo musavutike kuwapeka onse. Batire ndi batire, sola ndi sola. Pekani okhawo a zinthu zomwe kulibe, ndipo muwapeke momwe anthu a pamsika angazitchulire. M'buku langa ana oumbidwa amangotchedwa "zidothi", mawu achipongwe, chifukwa anthu ndi momwe amachitira.

Kayeseni pa eni ake

Mukamaliza lisiyeni milungu itatu. Kenaka sonkhanitsani achinyamata asanu, osati ana anu okha ayi, muwawerengere mokweza mitu itatu yoyamba. Musawafunse ngati lakoma, adzakunamizani mwaulemu. Yang'anani pomwe ayamba kutokosa mafoni, ikani chizindikiro, pamenepo mpofunika mpeni. Afunseni kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani. Onse akalondola, nkhani yanu ili poyera kwambiri. Onse akasowa chonena, mwawasocheretsa. Mukabwererenso kwa agogo aja kukawawerengera kagawo. Akati "si mmene imakhalira" muli bwino, koma akati "imeneyi sindikuidziwa" mwathyola fupa.

Za malamulo mwachidule. Nthano za Perrault ndi za a Grimm n'zakale moti aliyense atha kuzigwiritsa ntchito, koma zomwe adawonjezera a Disney kapena mlembi wa masiku ano ndi zawo, phazi lachitsulo lija musalibe. Nthano za makolo athu nazo lamulo la zokopera la dziko lino limaziteteza, choncho musanayambe kugulitsa kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za lamulo limeneli. M'bukumo tchulani mudzi ndi anthu omwe adakufotokozerani, ngati iwo avomera. A Malawi Writers Union angakulozereni za mipikisano ndi osindikiza, ndipo samalani ndi aliyense wofuna ndalama zambiri musanaone pangano lolembedwa. Pomwe mukudikira, mutu umodzi pa sabata pa Facebook umakupezerani owerenga, kungoti musaike buku lonse.

Wa Fomu 3 uja ndidamupatsa mitu isanu ndi itatu Loweruka lapitali, yosindikiza pa mapepala kuti asanamizire batire. Lamulungu m'mawa ndikumwa tiyi adatulukira, mapepala ali m'manja, maso ofiira.

"Amalume, ndiye alowa pamotopo kapena salowa?"

Ndidamuuza kuti akatsuke kaye mbale.